Mchenga m'Nsapato za Themba

1

Tsiku limene ndinapita kukamutenga mlongo wanga Themba pa siteshoni ya mabasi ya Digbeth, ndinali nditapangana ndi mtima wanga chinthu chimodzi chokha. Akanena zoona tisanafike kunyumba, ndimuphimba monga ndakhala ndikumuphimbira chibadwire chake. Akapitiriza bodza, ndimusiya agwe yekha.

Ine ndine Deliwe, kwathu ndi ku Lizulu ku Ntcheu. Chaka chimenecho, cha 1996, ndinali namwino pa chipatala china mu Birmingham, ndipo ndinali woyembekezera wotopa, mimba ikuchita kukhudza chiwongolero. Amuna anga, a Albert, ananditsatira mpaka pagalimoto.

"Ndipite ndine, Deliwe. Mmene ulilimu sungadraive."

"Mlongo ndi wanga," ndinatero. "Ndikamutenga ndekha, ndikamuuza ndekha."

"Koma ukamuuzedi. M'galimoto momwemo, asanafike pano. Promise?"

Ndinangogwedeza mutu. Pakamwa sindinatulutse lonjezo lililonse.

Basi ya ku bwalo la ndege itafika, Themba anatsika mano onse ali pamtunda, atavala malaya a manja aafupi. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Aliyense wokulira kwathu akudziwa mmene munthu amaonekera akachoka ku Lizulu mwezi wa Julaye: milomo yong'aluka, khungu lotuwa ngati wagona paphulusa, chimfine chili pamphuno. Koma mnzangayu anali see, kusalala, mphuno ikusupuka ndi dzuwa, mikono yonse ili timatuza ta tizilombo toluma.

"Achemwali!" anandikumbatira cham'mbali chifukwa cha mimba. "Eee, koma ndiye mwafika! Mwanayu akufuna abadwe akuyenda kale?"

"Wayenda bwanji?"

"Bwinobwino. Onse akupereka moni."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinamutsegulira kumbuyo kwa galimoto kuti aike sutikesi.

2

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mumvetse. Themba ankaphunzira za uinjiniya ku Coventry, akuchita lendi kachipinda ku Foleshill, pamwamba pa shopu ya nsalu. Bambo atamwalira ndine ndinamubereka kumsana, ndipo ngakhale ndevu zinali zitamera, kwa ine anali adakali kamwana kaja ka mamina. Mu Juni anabwera kwathu ku Solihull n'kunena kuti pa holide apita kumudzi kukaona amayi. Ndinavina m'khichini ndi mimba yomweyo. Tonse awiri tinali titatha zaka osawaona, ndipo ine adokotala anali atandiletsa kukwera ndege.

Inu amene simunakhaleko kunja mwina simudziwa. Kuno munthu sunena kuti ndikupita kumudzi n'kupita wekha. Ukangotero, wasanduka positi ofesi. Nkhani inamveka kutchalitchi Lamulungu, ndipo sabata isanathe pabalaza pathu panali mulu wa maphukusi. A Anastasia a ku Hanley anabweretsa nsapato zoti mng'ono wawo akavale pa ukwati. A Suzgo anabweretsa magalasi a bambo awo. Ena mankhwala a nyamakazi, ena zithunzi za ana, ena majuzi. Aliyense ankati, "Kakang'ono kokha, achimwene, sikolemera." Themba ankalandira ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkayesa akuopa kulemera kwa sutikesi.

Changa ndicho chinali chopepuka kuposa zonse: kaseti. Amayi sankatha kuwerenga, choncho tinkacheza pa makaseti. Mbali yoyamba ndinajambulapo mawu anga, kuwauza za mimba, za kuzizira kwa kuno, za mmene ndimawasowera. Mbali yachiwiri ndinaisiya yopanda kanthu kuti ayankhirepo. Pabanja pathu mwana woyamba amamutcha dzina ndi agogo ake aakazi, ndiye pomaliza ndinati, "Amayi, dzina la mdzukulu wanu mulinene pa kaseti yomweyi, Themba abwere nalo."

Potsanzikana anandikokera pambali.

"Chinthu chimodzi, achemwali. Musawauze kuti ndikubwera. Ndikufuna ikhale surprise. Musaimbe foni kwa amalume, musalembe kalata."

Ndinaseka, n'kunena kuti chabwino.

3

Tinatuluka mu Digbeth n'kulowa msewu wa Warwick. Linali Loweruka masana, magalimoto akuyenda pang'onopang'ono, ndipo Themba pakamwa sipankatseka. Anandiuza kuti chimanga chachita bwino, denga la khichini lafoleredwa, galu wathu uja waswa. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa jumbo.

"Amayi akupatsirani matemba ndi mtedza."

Jumboyo ndinaidziwa. Inali ya shopu ina ya pa Foleshill Road imene nanenso ndimagulako matemba, kungoti anali atamatula kapepala ka mtengo. Mtima unandiwawa kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa ndinaona kuti bodzali analikonza asananyamuke n'komwe.

Titaima pa maloboti anavula nsapato imodzi n'kuigogoda. Pansi pa mpando panakhuthuka mchenga wosalala, wakuda bii.

"Umenewo ndi wa kuti?" ndinafunsa.

"Fumbi la kumudzi. Simukudziwa kodi?"

Kwathu dothi ndi lakatondo, lofiira. Anadziwa kuti ndikudziwa, koma anayang'ana pawindo.

Pofika ku Acocks Green ndinamutsegulira khomo lina. "Themba, ngati pali chimene ukufuna kundiuza, tiime penapake timwe tiyi. Tili awiriwiri muno."

Ndinapemphera chamumtima kuti nena, mwana wa mayi anga, nena.

"Chinthu chanji? Ndangotopa basi. Jet lag."

"Kaseti ija anamvera?"

"Kawiri konse. Mpaka analira."

"Wabwera nayo?"

"Aa, mabatire anatha tisanajambule. Ndiye aisunga. Anangondiuza pakamwa."

Dzanja langa linapita pa wailesi ya galimoto, koma ndinalibweza.

"Ndiye ati dzina ndani?"

"Ati akakhala mtsikana, Mabel."

"Mabel? Amayi anene Mabel?"

"Ati ndi dzina la mnzawo wa ku Mvano amene ankagwirizana naye kwambiri."

"Nanga akakhala mnyamata?"

"Ati sakhala mnyamata ameneyo," anatero akuseka.

Mwana anatakataka m'mimba. Zina zonse ndikanatha kuzimeza, koma kuika mawu m'kamwa mwa amayi, pa dzina la mwana wanga, zimenezo zinanditseka mtima. Sindinafunsenso kanthu mpaka ku Solihull.

4

Msewu wathu unali utadzaza magalimoto mbali zonse.

"Kuli chiyani kuno?" anafunsa.

"Anthu akudikira iwe."

Limenelo silinali bodza. Pakhomo panali mulu wa nsapato. Masofa anali atatulutsidwa kuseri, abambo atakhala pa mipando m'mbali mwa khoma, amayi atakhala pansi m'chipinda chodyera atavala zitenje ndi mipango. A Albert anandiyang'ana, maso awo akufunsa ngati ndamuuza. Ndinayang'ana pansi n'kupita kukakhala pakati pa amayi anzanga, pamalo poti ndizitha kuona zonse.

Munthu wamtima m'malo akanadziwa pomwepo chimene chasonkhanitsa anthu chotero. Koma wakuba amaona apolisi paliponse. Themba ataona nkhope zopanda chimwemwe, anaganiza kuti anthu akayikira za maphukusi awo. Anayamba kupereka moni wa dzanja mokweza mawu, akumwetulira mopitirira muyezo.

A Saulos Chimbalanga, mkulu wa mpingo amene amatsogolera zochitika zathu zonse, anadikira kuti akhale pansi. Kenako anakonza kukhosi, n'kuyamba mozungulira monga achitira akuluakulu.

"Takulandirani, a Themba. Ulendo ngati umenewu si wamasewera. Anthu onsewa asiya ma shift awo kuti adzamve kuchokera kwa inu, poti ndinu munali maso athu kumeneko. Tatiuzani, mwasiyako bwanji kumudzi?"

Apa ndikanatha kudzuka. Ndikanatha kukomoka mwadala, kapena kufuula kuti mimba yandipotokola, ndipo nyumba yonse ikanathamangira kwa ine. Ndinakhala phee.

"Kumudzi kuli bwino kwabasi, bambo," anatero Themba. "Katundu yense ndinapereka, musadandaule. A Anastasia, nsapato zija zinakwana ndendende. Amayi ndiye ali gwa, ngati mtsikana. Dzana lomweli anandiperekeza mpaka pa siteji atandisenzera chikwama. Akuti ndikupatseni moni nonse."

Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Mayo ine!" n'kudziphimba ndi chitenje.

A Chimbalanga anavula magalasi pang'onopang'ono. "Mwati dzana?"

"Eya, Lachinayi."

"Mwana wanga," anatero, "amayi anu anaikidwa m'manda Lachitatu."

5

Foni inandipeza Lolemba, nditangofika kuchokera kuntchito. Anali amalume athu a Henry, mphunzitsi, akuimba kuchokera mu ofesi ya sukulu yawo. Anazungulirazungulira, kenako anati amayi atisiya m'mawa wa tsiku lomwelo. Nditalira mpaka mawu kutha, ndinati, "Mupatseni foni Themba."

"Themba?" anatero amalume. "Kuno sanafike."

Ndinaganiza kuti ndataya anthu awiri tsiku limodzi. Ndinamuona m'maganizo ali gone m'ngalande pakati pa Lilongwe ndi Dedza, wopanda womudziwa. A Albert anandikweza m'galimoto mpaka ku Foleshill kuti mwina tikapeze dzina la ndege imene anakwera. Mayi wachimwenye, mwini wake wa shopu ya nsalu ija, anatitsegulira chipinda. Ataona nkhope zathu anadabwa, n'kutiuza kuti tisade nkhawa, mnyamatayo ali ku holide ku zilumba za ku Caribbean ndi chibwenzi chake Jacqueline, ndipo abwera Loweruka.

Ndinatsegula wodilopu. Maphukusi onse anali momwemo, osanjidwa bwinobwino: nsapato za ukwati, magalasi, majuzi. Pamwamba penipeni panali kaseti yanga. Ndinaitenga n'kuilowetsa mu wailesi ya galimoto, ndipo inali momwemo ulendo wonse wochokera ku Digbeth pamene iye ankandiuza kuti amayi anaimvera kawiri.

Ine ndi a Albert sitinauze munthu. Anthu obwera kudzapepesa ankati, "Koma Mulungu ndi wabwino, Deliwe. Taonani anamutumiza Themba pa nthawi yake kuti akawatseke maso." Mawu amenewo ankandiwotcha ngati khala lamoto. Ndiwo anapangana okha kuti asonkhane Loweruka, adzamve kwa iye mmene mwambo wa maliro unayendera.

6

Themba sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana a Chimbalanga, anayang'ana a Albert, kenako maso ake anandipeza pakati pa amayi. Anatsetsereka pampando n'kugwada, ndipo mawu amene anatuluka pakhosi pake sindifuna kudzawamvanso. A Suzgo anafunsa motsitsa kuti, "Ndiye munali kuti, achimwene?" A Chimbalanga anayambitsa nyimbo, anthu anaimba ndime imodzi mosagwirizana, kenako mmodzimmodzi anayamba kufunafuna nsapato zawo. Ndinamva a Anastasia akunong'ona pakhomo kuti ukwati uja unali wa lero.

Anthu atatha, ndinakamupeza kuseri atakhala pa sofa imodzi mwa amene anatulutsidwa aja. Dzuwa linali likadalipo. Ndinakhala mbali inayo n'kumuuza kuti amayi anatisiya Lolemba.

"Ndiuze," ndinatero. "Ulendo uno zoona."

Anayamba kulankhula akuyang'ana udzu. Jacqueline anabadwira ku Handsworth, koma makolo ake ndi a ku chilumba cha Dominica. Themba ankafuna kumukwatira, ndipo mtsikanayo anati ayambe wakaonekera kwa agogo ake akadali moyo.

"Ndikananena bwanji, achemwali? Kuti ndapeza ticket, koma ndikupita kukaona agogo a mtsikana ndisanawaone amayi anga? Mukanandidya wamoyo. Kutchalitchi kukanakhala nkhani chaka chonse. Ndinati ndipita kumudzi pa Khrisimasi, ma parcel ndidzapereka nthawi imeneyo, ndidzapepesa kuti anachedwa."

Anandiuza za kamudzi ka asodzi kumene anafikira, ka nyumba zamatabwa zopaka utoto wowala, kopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja. Mchenga wake ndi wakuda ndipo masana umawotcha mapazi. M'mawa asodzi akafika amaomba chigoba chachikulu cha nkhono ngati lipenga, anthu n'kutsika ndi mabeseni. Kuseri kwa nyumba nkhalango imayambira pomwepo, mitengo yake italiitali yomera tizomera tina m'nthambi, ndipo mvula imagwa dzuwa likuwala. Ankakwera timabasi kuchoka m'tauni ina ya m'mbali mwa nyanja kupita ina, kudya nsomba zowotcha ndi nthochi zophika. Agogo a Jacqueline anamugwira nkhope ndi manja awiri n'kumutcha mwana wawo.

"Chibadwire sindinapumepo chonchija," anatero. "Ndinali wosangalala, achemwali. Chimene chikundipha n'chimenecho. Lolemba limenelo tinayenda m'nkhalango mpaka pa mathithi ena, ndinasambira tsiku lonse, ndikuseka."

"Nanga Mabel ndani?"

Anabisa nkhope. "Boti. Boti la amalume ake a Jacqueline. Ndi dzina loyamba limene linandibwerera."

Kenako anafunsa chimene ndinkachiopa sabata yonse.

"Anadwala chiyani? Sanali odwala."

"Chibayo."

"Chibayo chachokera kuti?"

"Mphepo ya pa Lizulu ukuidziwa. Amalume akuti ankalawirira m'mamawa kukakhala pa siteji, pafupi ndi ogulitsa kachewere aja, mpaka basi yomaliza ya ku Lilongwe itadutsa. Tsiku ndi tsiku. Ngakhale atayamba kutsokomola ankakana kukhala kunyumba."

"Kudikira ndani? Iwo sankadziwa kuti..."

Anaima pomwepo. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

Owerenga anzanga, ichi ndi chimene sindinauze a Chimbalanga, ngakhale amayi a kutchalitchi. Tsiku lomwe Themba ananyamuka, ine ndinaimba foni kwa amalume. Ndinaopa kuti amayi angadzidzimuke mtima n'kuthamanga, komanso ndinkafuna kuti akonzeke, asese m'chipinda, agwire nkhuku. Ndinati awauze amayi kuti mwana wawo ali m'njira, ndiponso kuti akonzeretu dzina la mdzukulu. Dzinalo analikonzadi. Amalume anawanyengerera kuti awauze, iwo anakana. Anati dzina la mwana salitumiza pa foni ngati mtengo wa feteleza, adzamunong'oneza Themba m'khutu akafika.

Ndinamuuza zonsezi. Sanakalipe.

"Munandisiya ndilowe m'nyumba muja," anatero motsitsa. "Munali ndi msewu wonse woti mundiuze."

"Eya."

"Chifukwa chiyani?"

Ndinafunafuna yankho labwino, la mlongo wamkulu, lonena za chilungamo ndi ulemu wa amayi. Koma limene linatuluka linali loona.

"Ndimafuna pakhale wina wolakwa kuposa ine."

7

Mwana anabadwa mwezi wotsatira, mtsikana. Masiku ambiri ankangotchedwa Bebi, mpaka a Albert anandikumbutsa kuti boma la kuno silidikira maliro, mwana ayenera kulembetsedwa. Ndinamutcha Tadikira.

Themba anapitadi kumudzi pa Khrisimasi. Anayenda khomo ndi khomo kupereka maphukusi aja, kuphatikizapo nsapato za ukwati umene unali utachitika kalekale, kenako anakagwada pamanda. Jacqueline anamukwatira, ndipo ndi mkazi wabwino amene analibe mlandu uliwonse, poti iye ankaganiza kuti ife tonse tikudziwa za ulendowo. Koma pa misonkhano ya Amalawi Themba sapondako phazi mpaka lero. Anthu saiwala. Wina akangonena kuti akupita kumudzi, pamapezeka wina womufunsa moseka kuti, "Kumudzi kwenikweni, kapena kwa a Themba?" Ndipo ine ndi amene ndinawapatsa nthabwala imeneyo.

Timayenderana, timadyera limodzi. Chaka chilichonse amatiitana kuti tipite nawo kuchilumba kuja, tikaone mathithi ndi mchenga wakuda. Ine ndimati chaka chamawa.

Ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mundiweruza, ndipo ndi bwino mutero mutamva zonse. Themba ananama chifukwa choopa pakamwa pathu, ife amene timaona ngati munthu wopita kokapuma wanyoza amayi ake. Ine ndinaulula chinsinsi chifukwa cha chikondi, kenako ndinakhala chete chifukwa cha mkwiyo. Pa zitatuzi, chimene chimandisowetsa mtendere ndi kukhala chete kuja, pakuti n'chokhacho chimene ndinachita ndikudziwa mapeto ake. Ngati muli ndi m'bale wanu amene waima m'mphepete mwa dzenje, mukokeni kaye, mlandu mudzakamba pambuyo. Manyazi a pagulu sabweza wakufa, amangochotsa wamoyo pakhomo.

Kaseti ija ndikadali nayo. Mbali ya mawu anga sindiimvera. Koma nthawi zina ndikamachokera kuntchito ndili ndekha m'galimoto, ndimaitembenuza n'kuika mbali yachiwiri, imene ndinawasiyira amayi kuti anenepo dzina. Imangolira kuti sii, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ine ndimamvetsera yonse.